Funsani Aphunzitsi a Chizungu: kamawu ka "get" katizunguza mitu

Mwezi uno nde mwandipanikiza anthu inu. Ndimayesa ndikatsegula mameseji ndipeza mafunso osiyanasiyana ngati kale koma ayi ndithu, ambiri agwera pa kamawu kamodzi ka zilembo zitatu, "get". Nde ndangoti tsamba lonse likhale la kameneka basi, inu amene munafunsa za "borrow" ndi "lend" pepani mudikire kaye, kalata yanu sinatayike ili pompano.

FUNSO: Aphunzitsi ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Tsiku lina foni ya m'nyumba ikulira adona ali kubafa anakuwa kuti "Can you get that?" ine nkunyamula foni ija ikuliralira choncho kukaima nayo pakhomo la bafa mpaka inaduka yokha. Atatuluka anangoseka koma ine manyazi anandigwira tsiku lonse. Kusukulu anatiuza kuti get ndi kutenga kapena kupeza, nde ndinalakwa pati? Ndine mayi wa ku Mangochi, ndikukhala ku Johannesburg.

YANKHO: Achemwali musadzione kupepera, munachita ndendende zomwe anakuphunzitsani. Vuto ndi loti kusukulu anakupatsani mwendo umodzi wa nkhuku nkukuuzani kuti nkhuku yonse ndi imeneyi. Foni ikamalira munthu nkunena kuti "Can you get that?" akutanthauza kuti muiyankhe. Pakhomo pakagogodedwa nkumva "get the door" sakunena kuti muzule chitseko mubwere nacho kkkk, akuti mukatsegule muone wabwera ndani. Ndipo inu mukafuna kuwauza kuti akhale pansi mupita ndinu, mumangoti "I'll get it." Mawu omwewa mukawamva pamalo odyera bilu itabwera, munthu nkuti "I'll get this", bwezani chikwama chanu m'thumba mwakachetechete, akuti alipira iyeyo.

Tsono ndikuuzeni chinthu chimodzi chomwe ine chinanditsegula mutu pa mneni ameneyu, ndipo mafunso ena ambiri ali mmunsimu abwerera pomwepa. Get ndi mawu a kusintha. Panali chinthu chomwe munalibe pano muli nacho, panali malo omwe simunali pano mwafikapo, munali bwinobwino pano mwatopa. Nde ntchito yanu ndi kuyang'ana mawu amene akubwera pambuyo pake, amenewo ndi omwe amakuuzani kuti kusinthako ndi kwa mtundu wanji. Akatsatira ndi dzina la chinthu ndiye kuti chinthucho chafika m'manja mwa munthu, kaya chafika bwanji get alibe nazo ntchito. "I got your message" ndi ndalandira meseji yanu. "He got a job" wapeza ntchito. "Where did you get that chitenje?" akufunsa kuti munachigula kuti. "She got 12 points" ndi mwana amene wakhoza bwino MSCE ameneyo. Olo matenda, "I got malaria", palibe amene anapita kukawatenga malungowo koma amupeza basi. Onani ife pa Chichewa tagwiritsa aneni angati apa, kulandira, kupeza, kugula, kukhoza, kudwala, mzungu wangoponya kamodzi komweko.

Kutenga kumene munaphunzira kuja kulipo ndithu, sikunali kunama. Adona akati "Get me a towel" apo nde mupitedi mukatenge thaulo mubwere nalo. Muone kuti "me" wabwera pompo pambuyo pa get, ndi uja ife timachita kutalikitsa mneni, tenga nkukhala nditengereni, gula nkukhala ndigulireni. Koma inuyo musayerekeze kuwalankhula choncho abwana anu, "Get me" yowuma choncho ndi ya munthu wamkulu kutuma mwana. Muziti "Could you get me some soap, please?" ndipo sopoyo akakugulirani ndi mtima woyera.

FUNSO: Sir, ndili Form 4 ndipo ndimasokonezeka. "I am tired", "I am getting tired", "I get tired", "I got tired", zonsezi si kutopa komweko? Pa komposishoni aphunzitsi anandidula mzere wofiira pomwe ndinalemba kuti "it was dark so we started running" akuti bola "it was getting dark". Mwana wa sukulu, Dedza.

YANKHO: Mwanawe funso lako ndalikonda kuposa onse, chifukwa yankho lake uli nalo kale mkamwa mwako koma sunalizindikire. Tiye tiyambe ndi Chichewa. Ukati kwada ndi kunena kuti kukuda, ndi chimodzi? Ayi. Kwada ndiye kuti mdima wagwa kale nkhuku zalowa, kukuda ndiye kuti dzuwa lapendeka mdima uli m'njira. Amayi akamakuwa kuti bwerani nsima ikuzizira ndiye kuti ukathamanga uipeza idakali yofunda, koma akati nsima yazizira basi wachedwa nayo.

Ife kusiyana kumeneku timakuchitira mkati mwa mneni momwemo, timangosintha nthawi. Chizungu sichingathe chifukwa dark, cold, tired, old si aneni, ndi afotokozi, ali phee ngati mwala sayenda okha. Nde amafuna wowanyamula. Akafuna kunena kuti zinthu zili choncho kale amatenga am, is, are. Akafuna kunena kuti zinthu zikusunthira kumeneko amatenga get. "It is dark" kwada, "It is getting dark" kukuda. "The nsima is cold" yazizira, "The nsima is getting cold" ikuzizira. "I am tired" ndatopa, "I am getting tired" ndayamba kutopa, "I get tired" ndimatopa mwina tsiku lililonse ndikakwera phiri la Dedza lija, "I got tired" ndinatopa tsiku lijali basi zinatha.

Aphunzitsi ako sanakudule chifukwa choti chiganizo chako ndi cholakwika pa galamala, ayi ndi cholondola. Koma taganiza, munthu amayamba kuthamanga chifukwa akuona kuti kukuda akufuna akafike mdima usanagwe. Kukada kale umathamangiranji, ungogwera m'ngalande. Nde iwo anaona nzeru ya nkhaniyo osati galamala chabe, uwapatse ulemu aphunzitsi amenewo.

Yesera ndi ena awa wekha, get angry, get drunk, get lost, get wet, get better, get worse, get ready. Ukapita kukazonda wodwala nkufunsa, akakuyankha kuti "she is getting better" ndi kuja timati akupezako bwino. Chenjera ndi kamodzi, "I got lost" ndi ndinasochera, koma munthu akakuyang'ana m'maso nkukuuza kuti "Get lost!" sakukufunira kusochera, akuti choka apa ndipo wakwiya zenizeni, usadzamuuze munthu wamkulu.

Ndiwonjezere kena poti mayeso ali pafupi ndipo Chizungu ukachilephera setifiketi ya MSCE supata olo ukhoze bwanji maphunziro enawo. "Get used to" ndi kuzolowera, ndipo mneni wobwera pambuyo pake amatha ndi ing. "I am getting used to waking up early", osati to wake. Ana ambiri amasokoneza ndi "I used to wake up early" yomwe ikutanthauza kuti kale ndinkadzuka mmamawa pano ndinasiya. Ziwirizi zimangofanana nkhope koma si pachibale.

FUNSO: Ine ndi wa kabaza wa njinga yamoto mu Lilongwe, nthawi zina ndimanyamula azungu a mabungwe. Ndiziwauza kuti "get in" kapena "get on"? Komanso mnzanga amandiseka ndikati "where are you dropping?"

YANKHO: Achimwene, pa njinga yanuyo ndi "get on" ndipo potsika ndi "get off". Ife tili ndi kukwera ndi kutsika basi, kaya ndi ndege kaya ndi bulu kaya ngolo, koma iwo amagawa pawiri. Galimoto yaing'ono ndi takisi, zimene umachita kuwerama nkukhala pampando pompo, amati get in kapena get into, potuluka get out of. Basi yaikulu, sitima, ndege, zimene umakwera nkuyenda choimirira mkati kusaka mpando, amati get on ndi get off. Njinga ndi hatchi nazonso ndi on chifukwa umakhala pamwamba pake. Minibasi yathuyi nde ili pakatikati, mumva ena akuti on ena in ndipo palibe amene angakumangeni, ngakhale mmene amatipakira anayi anayi muja ine ndimaona kuti in ndi amene akunena zoona.

Za dropping mnzanuyo akuseka zoona koma asanyanye, tonse kuno timatero ndipo timamvana. Kungoti kwa mlendo "I am dropping here" imamveka ngati munthu akugwa. Amene amachita drop ndi inuyo woyendetsa, "Where should I drop you?" kapena "I'll drop you off at Area 18". Wokwerayo iye amati "I'm getting off at the roundabout."

Poti tili pamsewu kale, get amatanthauzanso kufika, ndipo apa amayenda ndi to. "How do I get to Kamuzu Central Hospital?" ndi munthu amene akufunsa njira ameneyo, kasitomala wanu. "We got to Salima at six." Koma pali timawu tina timene timakana to, home, here ndi there. "I got home late", "when did you get here", "we'll get there". Mukati "I got to home" apo nde mwaponda pa minga.

FUNSO: Aphunzitsi ndikupanga ukwati mu October. Ndinalemba pa Facebook kuti "I am getting married with my best friend" nde msuweni wanga wa ku UK anandiimbira akuseka kuti ndifufute. Chalakwika ndi chani poti ife timati ndikukwatirana NDI uje? Mtsikana wa ku Chilomoni.

YANKHO: Choyamba zabwino zonse achemwali, mutiitane ku perekaniperekani. Mwadzigwira nokha pomwe mwalemba NDI wamkuluyo, mwatenga ndi wa Chichewa nkumuveka with. Chizungu chimati "married to". "I am getting married to my best friend." Mukati with zimamveka ngati inu ndi mnzanu wapamtimayo mukupanga maukwati awiri tsiku limodzi aliyense ndi mwamuna wake. With amabwera pena, "he is married with three children", kutanthauza kuti ndi wokwatira ndipo ali ndi ana atatu.

Muonenso kusintha kuja ndanena poyamba. "We are getting married in October" ukwati uli m'njira, "we got married in October" ndi tsiku lenilenilo mukamadzalikumbuka, "we are married" ndi moyo umene mudzakhalemo pambuyo pake. Ndipo Chizungu sichisamala kuti wokwatira ndani wokwatiwa ndani ngati ife, mwamuna ndi mkazi onse "got married" mofanana. Banja likavuta, Mulungu asalole, ndi "get divorced" njira yake yomweyo.

FUNSO: Bambo aphunzitsi, ndinauza mzungu wina kuntchito kuti "I repaired my phone yesterday" iye nkuti sindimadziwa kuti umatha kukonza mafoni, nayi yanga. Chonsecho ine ndinakakonzetsa kumsika wa Limbe. Ndikananena bwanji?

YANKHO: Kkkk achimwene bola simunailandire foniyo mukanagula ina. Apa nde pokoma chifukwa Chichewa chathu chimaposa Chizungu kutali. Inu mwalemba nokha kuti ndinakakonzetsa, simunati ndinakonza. Ka "ets" kamene kali pakatipo kakunena zonse, kuti ntchito anagwira ndi munthu wina inu munangolipira. Ndi uja tinkaloweza ku pulayimale kuti msintho wochititsa, kusoka kusoketsa, kumeta kumetetsa, kugaya kugayitsa. Chizungu chilibe kachidutswa koteroko nde chimabwereka get, ndipo mawu amafola motere, get, kenako chinthucho, kenako mneni wa mtundu wachitatu uja wa done, repaired, made, cut.

"I got my phone repaired." "I got my hair cut." "She got a dress made" anasoketsa diresi kwa telala. "We need to get the maize milled" tikagayitse chimanga. Dongosolo la mawuwo musalisokoneze, chinthucho chikhale pakati. Ndipo mukamva wina akuti "I had my phone repaired" ndi zomwezo, had amangomveka waulemu pang'ono ngati wavala tayi.

Tsono mukafuna kumutchula munthu amene wagwira ntchitoyo zimasintha, pamabwera to. "I got a boy at the market to repair it." "I can't get the children to eat vegetables" ana akukana masamba ndayesetsa. Get wa apa ali ndi kafungo ka kunyengerera, munachita kulankhula naye munthuyo mpaka analola. Akakhala make ndiye kukakamiza ndipo to amachoka, "The teacher made us slash the grass", panalibe zokambirana pamenepo, chikwakwa m'manja basi. Anthu ambiri olo ophunzira bwino amalemba "made us to slash", imeneyo ndimaiona pafupifupi sabata iliyonse ndipo imandiyabwa.

Pali m'bale wake wina wa zimenezi amene ndisamusiye. Get akagundana ndi mneni wachitatu uja popanda chinthu pakati, ndiye kuti zamuchitikira munthuyo. "He got caught" anagwidwa, "she got promoted" anakwezedwa, "I got paid" ndalipidwa, "they got arrested". Kawirikawiri zimakhala zinthu zogwa mwadzidzidzi, zambiri zoipa. Ndipo mwana wa mzungu akaswa kapu amati "the cup got broken", ndendende mwana wathu amene amati kapu yasweka osanena kuti waswa ndani. Aphunzitsi athu a Chichewa ankati umenewu ndi msintho wochitidwa m'chibisira, dzina limeneli ine limandisangalatsa mpaka lero chifukwa wolakwayo amabisaladi.

FUNSO: M'mafilimu ndimamva "gotten" koma aphunzitsi athu ankati kulibe mawu otero, ndi get, got, got. Olondola ndani? Komanso "I have" ndi "I have got" zimasiyana pati? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Onse akulondola koma aliyense kwawo. Ife masukulu athu amatsata Chizungu cha ku Britain, kumene ndi get, got, got, nde pa mayeso a MANEB lembani got mugone tulo. Gotten ndi wa ku America, "it has gotten cold", "he has gotten a new job". Chodabwitsa nchoti gotten si watsopano ayi, ndi wakalekale wa ku England komweko, amene anawoloka nyanja kupita ku America anapita naye nkumusunga pomwe otsala kumudzi anamutaya. Zizindikiro zake zidakalipo, a ku Britain omwewo amati forgotten, komanso chuma chopeza mwachinyengo amati "ill-gotten gains". Ndipotu get yemweyo ndi wobwera, anachokera ku chilankhulo cha ma Viking a ku Scandinavia amene analanda mzinda wa York mu 866 nkukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, kwawoko mawuwa anali geta. Nde amene amatinena kuti Chichewa chawonongeka ndi mawu obwereka ngati foni ndi sukulu adziwe kuti Chizungu chomwecho chinabwereka mpaka mneni amene amamugwiritsa ntchito kuyambira mmawa mpaka usiku.

Za "have got" nde apa lamulo langa la kusintha lija likugwa, ndivomere. "I have got two children" sakunena kuti wangowapeza kumene, akungoti ndili ndi ana awiri, chimodzimodzi "I have two children". Got ameneyu ndi wongoperekeza, a ku Britain amamukonda polankhula. Chofunika ndi kusasakaniza pofunsa. Kaya muti "Have you got change?" kaya "Do you have change?" koma osati "Do you have got". Ndipo zakale have got sagwira, mumangoti "I had a bicycle", mukati "I had got a bicycle" mwayamba nkhani ina. "I've got to go" ndi ndiyenera kupita, amene mumamva m'mafilimu akuti gotta uja, polankhula zili bwino koma papepala ayi.

FUNSO: Aphunzitsi ndangofika kumene ku England ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Manijala wathu amandifunsa kuti "How are you getting on?" tsiku loyamba ndinayankha kuti "by bus" anthu onse anaseka. Ndithandizeni ndi timawu ta get on, get by, get over, tandikwana. Mayi wa ku Zomba, okhala ku Leeds.

YANKHO: Amayi, ndaseka koma ndi chisoni, chifukwa yankho lanu linali ndi nzeru zake, get on ndi kukweradi monga ndawauza achimwene a kabaza aja. Koma mmene anafunsira manijala wanuyo amatanthauza kuti zikuyenda bwanji, mukuzolowera? Muzingoti "I'm getting on fine, thanks." Get on yemweyo akatsatana ndi with ndi munthu ndiye kugwirizana, "I get on well with my colleagues", ena amati get along. Akatsatana ndi with ndi ntchito, "get on with your work", akuti siyani macheza pitirizani ntchito. Ndipo pantchito yanuyo mumvanso akunena za agogo ena kuti "she's getting on a bit", ndi njira yaulemu yonenera kuti akula, zaka zapita.

Timawu timeneti palibe chidule, mumatiphunzira kamodzikamodzi ngati mayina a anthu a m'mudzi wachilendo, ndipo musalimbane ndi kuloweza mndandanda wa m'buku, gwirani amene mukuwamva pa shifiti. Mmawa agogo akamadzuka okha ndi "get up", inuyo kuwadzutsa ndi "get her up", kuwaveka ndi "get her dressed". "Get by" ndi kukhalira zomwezo, ndalama ndi yochepa koma tsiku likudutsa, kuja timati tikungokankha, "we are getting by". "Get over" ndi kuchira kapena kuiwala chopweteka, "he never got over his wife's death", koma wina akakuuzani mokalipa kuti "get over it" akuti zisiyeni izo musatitopetse. "I'll get back to you" ndi ndidzakuyankhani, ndipo kunena zoona nthawi zambiri ndi mawa lija la kuofesi limene silifika. "Get away with it" ndi kulakwa osagwidwa. "Get rid of" kutaya kapena kuchotsa.

Kamodzi kena kakuthandizeni kwambiri chifukwa anthu a ku Yorkshire kumeneko kalankhulidwe kawo nkovuta kumva olo kwa amene anakhoza Chizungu ndi distinkishoni. Get ndi kumvanso. "Sorry, I didn't get that" ndiye kuti sindinamve bwerezani, ndipo ndi yaulemu bwinobwino, musachite manyazi kuinena kakhumi patsiku makamaka nkhani ikakhala ya mankhwala a munthu. "I get it" ndamvetsa. Ija timaikonda kwathu kuno pafoni ya "Are you getting me?" kumeneko aimva ndithu koma netiweki ikamavuta iwo amati "Can you hear me?" ndipo akafuna kudziwa ngati mwatsatira mfundo amati "Do you get what I mean?"

FUNSO: Bwana wanga wakale ankati get ndi mawu a ulesi, munthu wophunzira sawalemba. Zoona? Ndikulemba kalata yofunsira ntchito. Mnyamata wa ku Kasungu.

YANKHO: Abwana akowo ali ndi mbali yawo koma anapitirira muyeso. Mu kalata yofunsira ntchito inde, vala jekete. M'malo mwa "I got my diploma in 2021" lemba "I obtained", m'malo mwa "I got your letter" lemba "I received", "I got interested" ikhale "I became interested". Chifukwa chake si choti get ndi wotukwana ayi, kungoti amanyamula matanthauzo ambiri nde pa kalata pamafunika mawu olasa pamodzi.

Koma ukakalowa mu intavyu usakatenge jekete lomwelo nkuveka chiganizo chilichonse. Ine ndili mnyamata ndinkaganiza ngati abwana akowo, get ndinkamuthawa ngati ngongole. Tsiku lina pa intavyu ina akulu ena a pa panelo anandifunsa mongocheza tisanayambe kuti "Did you get here all right?" ine nkudzikoka kolala nkuti "I arrived at these premises without encountering any difficulties." Mayi wina amene amalemba manotsi anaweramitsa mutu mapewa akugwedezeka, akulu aja anangoti "Good, good" akuyang'ana kudenga. Yankho lake linali "Yes, thank you" basi. Ntchitoyo sanandilembe, kaya chinali chimenecho kaya china, koma minibasi yobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo thukuta lili kamukamu mu suti yobwereka.

Nde iwe lemba "obtained" pa kalatapo, ndipo usaiwale kuika nambala ya foni imene imagwira, akamadzati "we'll get in touch" akupeze.